Mlandu Umene Unagwera Mdzukulu Wanga

M'caka ca 2023 ndinakhala miyezi itatu ku Manchester, m'dziko la Britain, kwa mwana wanga wamkazi amene agwira nchito ya unamwino kumeneko. Ndinapeza m'nyumbamo mulibe mtendere cifukwa ca intaneti, imene inali kuyenda ngati birimankhwe. Ndikafuna kulankhula ndi amai a kunyumba, amene ndinawasiya ku Chipata ali kudwala, nkhope yao inali kuuma pa foni, mau ndi kumadukaduka. Mwana wanga nayenso anali ndi mayeso olemba pa kompyuta mwezi womwewo.

Mlandu wonse unagwera mdzukulu wanga wa zaka 13. Atate ake anagamula kuti masewera ake a pa kompyuta ndiwo anali kutsiriza mphamvu yonse, ndipo anamlanda coseweretsaco. Ndiulule kuti inenso ndinavomereza, pakuti mtima wanga unali ku Chipata.

Patapita masiku anai, mnyamatayo anadza nandifunsa mwaulemu: "Agogo, inu mumakhala pano tsiku lonse. Kodi ine ndikakhala kusukulu imathamanga?" Ndinasowa conena, cifukwa ndinadziwa kuti siinali kuthamanga ai. Ndinamuuza kuti tifufuze pamodzi.

Kumeneko nyumba zambiri zilandira intaneti kupyolera mu nthambo yokhuthala yokhala ndi mkuwa pakati, yonga ya wailesi ya kanema. Icokera ku bokosi la mumseu ndi kudzalowa m'kabokosi ka m'nyumba kochedwa modemu. Njirayo agawana ndi anansi, motero intaneti ikamacedwa madzulo okha, kawirikawiri cifukwa cake ndi kuculuka kwa anthu. Yathu inali kucedwa usana ndi usiku. Poyamba mnyamatayo analumikiza kompyuta ku modemu ndi nthambo, kuti tione ngati colakwa cinali pa Wi-Fi. Palibe cinasintha.

Pamenepo analemba manambala awa pa kompyuta: 192.168.100.1, ndipo panatseguka tsamba limene modemu iulula za umoyo wake. Anandisonyeza zinthu zitatu.

Coyamba ndi mphamvu ya uthenga wofika m'nyumba. Amisiri afuna kuti ikhale pakati pa -7 ndi +7 dBmV. Yathu inali pa -11. Caciwiri acicha SNR, ndiko kuti kusiyana kwa uthenga weniweni ndi phokoso la m'nthambo. Munthu angathe kulankhula bwino, koma pakati pa msika sumumva. Muyeso umenewu uyenera kupitirira 33 dB, koma wathu unali 30, ndipo tsambalo linali litawerenga zidutswa zambirimbiri za uthenga zimene zinafika zoonongeka kosakonzeka.

Cacitatu ndico cinandikhudza mtima. Ndi mphamvu imene modemu itulutsa poyankha a kampani, imene ikhala bwino pakati pa 35 ndi 50 dBmV. Yathu inali pa 54. Ine ndinayesa kuti nambala yaikulu ndi cizindikiro ca nyonga, koma mnyamatayo anati, "Iai agogo, ili kukuwa cifukwa siimveka." Ndinakumbukira m'mene tinali kuitanirana kutsidya kwa dambo tiri abusa a ng'ombe. Wokuwa kwambiri sindiye wamphamvu, koma amene mau ake ali kutayika panjira.

Tinalondola nthamboyo kucokera pa modemu, tiri cogwada. Kuseri kwa kabati tinapeza tizitsulo tiwiri togawa nthambo, timene anasiya anthu amene anakhalamo kale, totumiza uthenga ku zipinda kumene kulibenso wailesi ya kanema. Kacitsulo kamodzi kotere kadya pafupifupi 3.5 dB, ndiko kunena kuti theka la mphamvu lipita kwina, monga acitira madzi a mu ngalande ya kudimba ukaipatula pawiri. Pamwamba pa izi, polumikizira pamodzi panali pogwedera, ndipo ndi pamene phokoso linali kulowera. Mnyamatayo anamangitsa ndi zala zake. Zina tinasiyira mmisiri wa kampani, popeza bokosi la mumseu ndi zipangizo zao si zoti munthu wamba azigwiragwira.

Mmisiriyo atabwera, mnyamata anamuwerengera manambala amene analemba pa pepala. Iye anacotsa tizitsulo tija naika nthambo imodzi yolunjika. Mphamvu yofika inakwera kufika pa -4, kukuwa kuja kunatsika kufika pa 47, ndipo SNR inafika pa 37. Madzulo amenewo ndinaona nkhope ya amai a kunyumba bwino lomwe, ndipo ndinamva ndi makutu anga kuti mau ao ayamba kubwerera m'malo. Mwana wanga analemba mayeso ake popanda cosokoneza.

Kunatsala nchito yovuta koposa yonse. Mpongozi wanga anabweza coseweretsa cija, koma mau opepesa anamkanika pakamwa. Ndinaona kuti ndiyambe ine, wamkulu, popeza ndinaweruza nao mlandu osamva mwini wake. Ndinati, "Mdzukulu wanga, ndinakulakwira." Atate ake anatsatira pambuyo panga.

Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha. Inu anzanga amene muli ndi ana m'nyumba, cinthu cikaonongeka yambani mwayang'ana kuseri kwa kabati musanaloze cala wamng'ono.