Injini ikazima m'mwamba

Injini ya ndege yaing'ono ikazima, ndegeyo sigwa ngati mwala. Cessna 172, imene anthu ambiri amaphunzirirapo kuuluka, imapitabe kutsogolo mamita pafupifupi 9 pa mita iliyonse imene yatsika, bola woyendetsa asunge liwiro la makilomita 120 pa ola kapena kuyandikira pamenepo. Ndiye kuti amene ali mamita 300 m'mwamba watsala ndi mtunda wosakwana makilomita 3 ndi nthawi yosakwana mphindi imodzi ndi theka yoti asankhe potera.

Chimene ndimaopa ine ndi dzanja la woyendetsa kuposa injiniyo. Nthaka ikamayandikira, mantha amalamula dzanja kukoka chiwongolero kuti mphuno ya ndege idzuke. Liwiro limathera pomwepo, mapiko amaleka kugwira mphepo, ndege n'kupendekera mbali imodzi, n'kugwa chamutu. N'chifukwa chake mphunzitsi amangoti mwadzidzidzi wachepetsa moto wa injini, n'kufunsa wophunzira kuti, "Tsopano mutera pati?" Amabwereza mpaka dzanja lizolowere kutsitsa mphuno mutu usanayambe kuganiza.

Pa 5 Marichi 2015, katswiri wa mafilimu Harrison Ford adanyamuka pabwalo la Santa Monica ku California ndi Ryan PT-22, ndege imene inkaphunzitsira asilikali pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Atangokwera pang'ono injini idafooka. Ofufuza adapeza kuti kachitsulo kena m'kabuleta kadamasuka. Ford adakhota kubwerera kubwalo, koma ataona kuti safika adalunjika pabwalo la gofu la Penmar. Ndege idagunda nsonga ya mtengo, iye adavulala kwambiri, koma adakhala moyo.

Anthu amatama luso lake. Ine ndimatama kuti adavomera msanga kuti bwalo la ndege lamutalikira. Bwalo limakopa, chifukwa ndi losalala, ukulidziwa, ndipo ukafikapo ndege ya eni ake imakhala yosaphwanyika. Koma kukhota uli pafupi ndi nthaka kumadya mamita amene ulibe, ndipo ambiri afera pa kukhota kumeneku. Aphunzitsi amati injini ikazima utangonyamuka, tera kutsogolo, kaya ndi m'munda, kaya pamsewu wopanda magalimoto. Za ndegeyo adzadandaula a inshuwalansi.

Chochititsa manyazi n'chakuti injini zambiri sizizima chifukwa cha chitsulo chothyoka. Mafuta atha, kapena alipo m'thanki ina koma woyendetsa waiwala kusintha. Pena madzi oundana atseka kabuleta, zimene zimachitika ngakhale tsiku lofunda ngati mpweya uli ndi chinyezi.

Wailesi imabwera pambuyo. Liwiro likakhazikika ndipo malo asankhidwa, m'pamene munthu amayesa kulizanso injini ndi kuitana "Mayday". Zikakanika amatseka mafuta, amamanga lamba molimba, ndipo mu Cessna amamasuliratu chitseko asanafike pansi, kuopa kuti chingapindike n'kumutsekera m'kati.