Kazembe amene anabwerera ku choko

Anzanga, kuno kwa Ngokwe munthu akati "kunja" timadziwa kuti akunena Joni. Inenso achimwene anga ena andiuzapo kuti ndisiye kuvutika ndi njinga m'mamawa, ndingopeza ya basi. Ndisanawayankhe, ndikufuna ndikuuzeni za Mmalawi wina amene anakhalitsa kunja, a David Rubadiri. Ndinayamba kuwadziwa chifukwa cha ndakatulo yawo yotchedwa "An African Thunderstorm".

Iwowa anabadwa mu 1930, ndipo kwawo kunali ku Likoma. Anaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda, kenako ku Cambridge. Mu 1959 atsamunda anawatsekera pamodzi ndi ena omenyera ufulu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Kamuzu anawatuma kukakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations. Anali ndi zaka 34 zokha. Tangoganizani, mphunzitsi wa dzulodzulo kukalankhula m'malo mwa dziko lonse ku New York!

Chaka chomwecho kumudzi zinthu zinavuta. Nduna zinasemphana maganizo ndi Kamuzu pa nkhani zingapo. Ina inali ya thandizo la ndalama limene kazembe wa China ku Dar es Salaam analonjeza: nduna zinkalifuna, Kamuzu anakana. Ena anachotsedwa, ena anatula pansi udindo, ambiri anathawa m'dziko. Mu February 1965 gulu la a Chipembere linanyamula zida ku Mangochi n'kudzathera pa doko la Liwonde, m'boma lathu lomwe lino.

A Rubadiri akanatha kungokhala chete n'kumalandira malipiro awo. Koma mu 1965 anausiya ukazembewo chifukwa sanagwirizane ndi mmene Kamuzu ankalamulira. Mtengo wake unali wowawa, chifukwa anakhala zaka pafupifupi 30 ali kutali ndi kwawo.

Apa ndi pamene pandigwira mtima. Atasiya udindo sanasanduke wopemphapempha ayi. Anatenga choko. Anaphunzitsa ku Makerere, ndipo zitaipa m'nthawi ya Idi Amin anapita ku Nairobi, kenako ku Botswana. Mu 1967 anatulutsa buku la No Bride Price. Matipate atabwera, boma linawatumanso ku United Nations mu 1997, ndipo mu 2000 anakhala mkulu wa University of Malawi. Anamwalira mu 2018. Ku China kunalinso wina wotere, Hu Shih, amene anali kazembe ku America kuyambira 1938 mpaka 1942, kenako n'kukatsogolera Peking University.

Ine ndikuona kuti a Rubadiri anatha kunena kuti "ayi" chifukwa anali ndi chinthu chimene Kamuzu sakanawalanda. Galimoto ndi nyumba zinali za boma, koma za m'mutu zinali zawo. Nanga mnzathu wothawa sukulu ali Fomu 2, bwana wa ku Joni akamubera malipiro, angakane bwanji? Alibe mapepala, alibe satifiketi, amangoti "chabwino bwana" basi.

Sindikunyoza opita ku Joni, ena atimangira nyumba za malata. Ndiponso ndikudziwa kuti a Rubadiri anali ndi mwayi wa sukulu zapamwamba, pamene ife buku limodzi timagwirizira anthu angapo. Komabe mayeso a JCE ndi amodzimodzi dziko lonse, kaya uli pa CDSS kaya pa sukulu yogonera. Kunja ndidzapita, zoona. Koma ndikufuna ndikafike ndili munthu wotha kukana. Achimwene adikire kaye, ndilembe mayeso.