Piyano Italowa m'Nyumba Mwathu

Pali katundu wina amene akalowa m'nyumba anansi sanenapo kanthu, monga firiji kapena mipando yatsopano. Palinso wina amene akangotsitsidwa pa galimoto, mzere wonse wa nyumba umayamba kufunsa mafunso. Piyano ili m'gulu laciwirili. Kwa zaka zambiri ife a mu Lusaka takhala tikuiona ngati cinthu ca ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene kale kunkakhala Azungu, ndipo pambuyo pake akuluakulu a boma ndi a malonda. Ku Kabwata ndi ku Chelstone tinazolowera wailesi, gitala ndi ng'oma. Tsono pamene banja lathu la ku Chelstone linagula piyano ya magetsi ya mtundu wapamwamba m'caka ca 2023, mafunso anabwera ambiri, ena a cidwi, ena olasa mtima. Mwezi uno tafuna kuwayankha pamaso panu, owerenga okondedwa, poti alipo mabanja ena amene aima pa mphambano yomweyi.

Ife tinaphunzira nyimbo ku misyoni, pa limba lija lopopa ndi mapazi, limene linkapuma ngati nkhalamba yokwera phiri. Mbewu imeneyi inadzamera mwa mwana wathu wotsiriza, msungwana amene anayamba kuimbira kwaya ya ana pa kiyibodi kakang'ono ka makiyi 61. Atafika pofuna kulemba mayeso a nyimbo a ABRSM, amene amayambira giredi 1 kufika giredi 8, aphunzitsi ake anatiuza mosabisa kuti zala zoleredwa pa makiyi opepuka a pulasitiki zimakagwa mphwayi zikakumana ndi piyano yeniyeni. M'mera mpoyamba. Apa ndi pamene nkhani ya kugula inayambira.

Tiyambe tafotokoza cinthuco. Piyano anaipanga coyamba Bartolomeo Cristofori wa ku Florence, m'dziko la Italy, ca m'ma 1700. M'kati mwake muli nsambo pafupifupi 230 zimene zimamenyedwa ndi tinyundo, ndipo zonse pamodzi zimakoka cimango cake ndi mphamvu yoyandikira matani 20. Thupi lake ndi la matabwa, ndipo matabwa amamva nyengo. Kuno kwathu mpweya umauma kwambiri mpaka mu Okutobala, kenaka mvula ikagwa umanyowa mwadzidzidzi. Matabwa amafufuma ndi kunyala, nsambo zimasokonezeka, ndipo pamafunika mmisiri wozikunga kamodzi kapena kawiri pa caka. Amisiri otere m'dziko lathu ndi owerengeka. Piyano ya magetsi ilibe nsambo. Opanga amajambula mau a piyano zochuka, kiyi iliyonse payokha, mofewa ndi mwamphamvu, n'kuwasunga m'kakompyuta ka m'kati. Pansi pa kiyi iliyonse pali kacipangizo koyesa liwiro limene cala catsikira, ndipo mau amatuluka molingana ndi liwirolo. Kampani ya Yamaha inayamba kugulitsa mtundu wake wochedwa Clavinova mu 1983, ndipo Roland, Kawai ndi Casio nawonso ali ndi mitundu yawo. Piyano yotere siifuna kukungidwa.

Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. M'masitolo a m'tauni, kuyambira Cairo Road, Cha Cha Cha Road ndi Freedom Way mpaka ku Kamwala, mudzaona makiyibodi ambiri owala, a mabatani osawerengeka ndi tinyale tophethira. Ambiri ndi abwino pa nchito yawo, koma si piyano. Yapamwamba imadziwika ndi zinthu zosaonekera patali. Ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Makiyiwo ndi olemera, poti kumbuyo kwake kuli tinyundo, ndipo a kumanzere, a mau aakulu, amalemera kuposa a kumanja. Pa mitundu yodula makiyi oyera amapangidwa ndi mtengo weniweni. Pansi pali zopondera zitatu. Uphungu wathu ndi wakuti popita kukasankha mutenge munthu woimba, ndipo ayambe kudina makiyi piyano ili cizimire, kuti zala ziweruze khutu lisananyengedwe. Akayatsa, aimbe motsitsa kwambiri. Coimbira cabwino cimadziwika pa kunong'ona, poti kufuula ciliconse cikhoza. Funsaninso pepala la citsimikizo, ndiponso dzina la amene adzakonza cikadzaonongeka.

Zapamwamba zambiri sizikhala pa shelefu. Zimaitanitsidwa, kawirikawiri kucokera ku Johannesburg, n'kulowera pa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Wowerengera mtengo asaiwale ndalama ya mayendedwe, msonkho wa pa malire ndi VAT ya 16 peresenti. Ndipo inu amene muli ndi ana kunja, cenjerani ndi mphatso: magetsi athu ndi a mavoti 230, pamene ku America ndi 120, ku Japan 100. Coimbira copangidwira maiko amenewo cikhoza kupsa tsiku loyamba lomwe.

Tsopano tifike pa funso limene linatisowetsa tulo. Mtengo wa piyano yotere, mukaphatikiza zonse, ukhoza kugula galimoto yogwirapo kale nchito yocokera ku Japan. Alamu athu, atamva za colinga cathu, anabwera madzulo ena, nakhala pansi, nati: "Alamu, inu ndinu akatekisiti, mumatiphunzitsa za kugawana. Mphwanu ali ku koleji, ndalama zikuvuta. Kodi piyano idzamulipirira?" Sitinawayankhe mwamsanga, cifukwa funsolo linali loona. Boma linacotsa malipiro a sukulu zake kufika giredi 12 mu 2022, koma koleji imafunabe ndalama, ndipo m'banja la ciAfirika thumba la munthu mmodzi lili ndi eni ambiri. Amai a kunyumba, amene amasunga buku la ndalama zathu, ndiwo anadula mlandu. Anati: "Bambo, piyano idzalowa muno pokhapokha titatsiriza za mphwathu, titapereka mtulo wathu ku parishi, ndiponso popanda ngwee imodzi ya kaloba." Tinagwirizana comweco. Tinasunga zaka zitatu, ana athu awiri a pa nchito anaikapo zawo, ndipo mphwathu anatsiriza maphunziro ake piyano isanafike.

Ena adzati ngakhale conco ndalamazo zikanathandiza osauka ena. Sitikana. Koma tikhulupirira kuti luso la mwana nalonso ndi munda umene kholo liyenera kuulima, ndi kuti m'dziko mwathu oimba odziwa kuwerenga manotsi ndi ocepa kuposa makwaya owafuna. Cimene cikanatitsutsa ndi kugula cinthu cotere kuti alendo aziciona. Ndiye tinadziikira lamulo lacinai: piyanoyo iziimbidwa masiku onse, ndipo isakhale ya banja lathu lokha.

Inafika m'bokosi lalikulu lofuna amuna atatu, poti zamtundu uwu zimalemera makilogalamu 70 kapena 80. Miyendo ndi thabwa la zopondera zimamangidwa poyamba, zomangira zake osazilimbitsa kotheratu mpaka gawo la makiyi litakhazikika pamwamba. Ndipo ponyamula gawo limenelo manja akhale kutali ndi m'mphepete, kuopa kupanikiza zala. Malo tinasankha ku cipupa ca m'kati mwa nyumba, kutali ndi zenera la dzuwa la masana, kutalinso ndi khichini, kumene utsi wa mbaula ndi mafuta zimayenda ndi mpweya. Tinasiya kampata pakati pa piyano ndi cipupa kuti mau azipuma. Mdani wamkulu ku Lusaka ndi fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala, limene limalowa pansi pa makiyi n'kutseka tizipangizo tija; cotsekera cake cizikhala cotseka, ndipo ife timafunditsanso citenje. Mphemvu ndi nyerere zimakonda malo ofunda a m'kati, motero palibe wodyera pafupi. Pamwamba sitiikapo kapu ya tiyi, kandulo kapena botolo la maluwa, ngakhale amai a kunyumba anaona kuti malowo ndi oyenera maluwa. Mpando tinaukweza mpaka mikono ya mwana inalingana ndi makiyi, msana uli cilili.

Za magetsi ziyenera ndime yakeyake. Piyano siilumikizidwa ku cipupa mwacindunji. Pakati pamakhala kabokosi kochinjiriza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo kukacita ziphaliwali, kapena magetsi akazima, pulagi timaizula, poti ngozi imabwera pa mphindi imene abwerera. Caka cotsatira cinatiyesa. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo pofika mu Seputembala magetsi ankasowa maola opitirira 20 pa tsiku. Piyano yodula ija inakhala duu ngati kabati, ndipo tinakumbuka limba la ku misyoni limene linkangofuna mapazi. Mwamwai coimbira cotere sicidya magetsi ambiri. Cimafanana ndi wailesi ya kanema, ndipo sicifika n'komwe pa nsimbi kapena citofu. Batire imodzi, invata ndi sola ya padenga, zimene tinaika cifukwa ca nyale, zinakwanira kuti mwana aziphunzira ola limodzi masana. Wogula awerengere zimenezi asanapite ku sitolo.

Mphatso ina ya piyano ya magetsi ndi mahedifoni. Kwa okhala m'mafulati a ku Kabwata, kumene cipupa cimodzi cimalekanitsa mabanja awiri, ici ndi cosungitsa mtendere: mwana akhoza kubwereza mzere umodzi kambirimbiri pamene mnansi wogwira nchito ya usiku ali m'tulo. Komatu tinaona kuti mphatsoyi ili ndi mbali ina. Mwana wotseka makutu amakhala m'nyumba koma palibe, monga momwe amacitira anzake pa foni. Tsono tinagawa nthawi. Zobwerezabwereza aziimba ndi mahedifoni, koma tikatha kudya madzulo mau atuluke, banja lonse limve, ndipo amene ali ndi pakhosi aimbe. Tinaletsanso batani lija limene limaimba nyimbo lokha munthu atapinda manja. Alendo amalikonda, koma silinaphunzitsepo mwana aliyense. Zothandiza zenizeni ndi ziwiri: kowerengera nthawi kogunda ngati wochi, ndi kojambulira, kamene kamamuonetsa woimba zolakwa zimene khutu lake linazikhululukira poimba. Ndipo mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola anai a pa Ciweru. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Lamulo lacinai lija tikulisunga. Pa Ciweru masana pamabwera ana anai a m'dera lathu, awiri a iwo ocokera m'mabanja amene sangagule ngakhale kiyibodi kakang'ono, ndipo mwana wathu amawaphunzitsa zimene iye waphunzira. Mnyamata woimbira kwaya ya akulu amadzakonzekera pano nyimbo za Lamulungu. Makiyi ayamba kuonetsa kuti agwiridwa ndi manja ambiri, ndipo sitidandaula. Khasu losapita kumunda ndilo limakhala lowala.

Pali cimodzi cimene piyano inatiphunzitsa mosayembekezera. Agogo a anawa, atabwera kudzaceza kucokera kumudzi ku Katete, anaimba nyimbo ya pamtondo, ndipo mdzukulu wawo anathamangira kukaifuna pa makiyi. Anaipeza pang'ono cabe. Piyano imagawa mau m'masitepe 12 ofanana, pamene nyimbo zathu zambiri, monganso kalimba ndi silimba, zili ndi masitepe akeake, ndipo mau ena a agogowo ankagwera pakati pa makiyi awiri. Mwanayo anafuna kuwakonza agogo ake. Tinamuuza kuti agogo sanaphonye. Coimbiraco ndico cili ndi malire. Nkhaniyi ikhudzanso makwaya athu. Msonkhano waciwiri wa Vatican, m'cikalata cake ca za mapemphero ca mu 1963, unalemekeza limba la mipope, koma unatsegulanso khomo kwa zoimbira zina ndi kwa nyimbo za mitundu ya anthu, ndipo ndi mmene ng'oma inalowera m'machalichi athu. Cingakhale cinthu comvetsa cisoni ngati kiyibodi, ndi ng'oma zake za m'mabatani, itulutsanso panja ng'oma yacikopa imene makolo athu anaivutikira kuti ilowe. Mwana wophunzira piyano aphunzirenso kuomba m'manja mwa kwathu.

Tsono kwa banja limene likuganiza zogula, tisiya mafunso atatu oti likambirane bambo, mai ndi ana ali pamodzi. Kodi alipo m'nyumba amene waonetsa kale khama, kwa caka cathunthu, pa coimbira cochipa kapena cobwereka? Kodi ndalamazo zidzatuluka popanda ngongole, ndiponso popanda kumana wacibale amene ali ndi ufulu pa thandizo lanu? Ndipo kodi khomo lanu lidzatseguka kwa mwana wa mnansi? Ngati yankho limodzi ndi lakuti iai, dikirani, palibe manyazi. Piyano ya makiyi 88 olemera ya mtengo wapakati imaphunzitsa bwino lomwe zaka zoyamba, ndipo yapamwamba idzakupezani m'tsogolo. Ngati onse atatu ndi inde, gulani ndi mtima woyera. Ndipo pa 22 Novembala, tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, itanani anansi, ng'oma ibwere nayo, muimbe pamodzi.