Aphunzitsi Onyamula Thumba

Bambo wina wa ku Zomba anayamba kusewera gofu ali ndi zaka 56, osati chifukwa choikonda, koma chifukwa cholamulidwa. Dokotala anali atamuuza kuti magazi ake akuthamanga mopitirira muyeso, ndipo akapanda kumayenda mtunda wautali, adzukulu ake adzamudziwira pa chithunzi. Kuyenda mumsewu popanda kolowera kunkamuchititsa manyazi. Choncho anagula ndodo zakale za gofu kwa mnzake amene ankasamuka, nayamba kupita kubwalo la m'tsinde mwa phiri.

Pokhala munthu wa mabuku, anayambira m'mabuku. Anawerenga Five Lessons, buku limene katswiri wa ku America, Ben Hogan, anatulutsa mu 1957, mpaka analoweza kaimidwe ka mapazi ndi katembenukidwe ka chiuno. Komabe kwa miyezi isanu ndi umodzi kampira kake kankakhotera kudzanja lamanja n'kukasowa m'mitengo ya bulugamu. Madzulo aliwonse ankamenya timipira 100 ndi driver, ndodo yaitali yomenyera patali, kalikonse mwamphamvu kuposa kanzake. Manja anatuluka matuza, ndipo magazi sanatsike, pakuti munthu wokwiya ngakhale ayende chotani mtima supuma.

Amene ankamunyamulira thumba la ndodo anali bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, amene analekeza sukulu Sitandade 4 ndipo anakulira pabwalopo. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, mkuluyo ataponya ndodo pansi ndi ukali, wonyamula thumbayo anaitola, naipukuta, nati: "Bwana, ndodoyi sinalakwe. Kodi cholembera chanu mumachifinya chotere polemba?"

Limenelo linali phunziro loyamba. Munthu akafinya ndodo, mikono imauma, ndipo nkhope ya ndodoyo imafika pa kampira isanawongoke. N'chifukwa chake kamathawira kumanja. Kugwira kwabwino n'kwa zala, kolimba mongokwanira kuti ndodo isapulumuke. Mkuluyo anali ataziwerenga zonsezi, koma zinali m'mutu, m'manja munalibe.

Phunziro lachiwiri linali la masamu. Pabwalo la maenje 18 limene katswiri amayembekezeka kulimaliza pomenya ka 72, kumenya kokwana 36 n'kongokankhira kampira m'dzenje pa kapinga wosalala, kawiri pa dzenje lililonse. Driver nthawi zambiri imatuluka m'thumba kosapitirira ka 14. "Ndiye inu mukulimira ndime yaing'ono, munda waukulu uli thengo," anatero wonyamula thumbayo. Kuyambira pamenepo ola lophunzira analigawa patatu: mphindi 30 za putter, ndodo yokankhira m'dzenje, mphindi 20 zomenyera pafupi, mosapitirira mamita 50, ndi mphindi 10 zokha zomenyera patali.

Ankaika timipira 10 mozungulira dzenje, kalikonse pa mtunda wa mita imodzi. Lamulo linali lakuti kamodzi kakaphonya, ayambirenso. Dzenje la gofu ndi lotambalala mamilimita 108, ndipo pa kampira koyamba limaoneka ngati mtondo, koma pofika kachisanu ndi chinayi limachepa ngati diso la singano. Mantha amenewo ndiwo ankafunika, chifukwa ndi omwewo amagwira munthu pa masewera enieni. Kuphunzira kopanda chotaya sikukonzekeretsa mtima.

Phunziro lachitatu linali losiya kubwereza ngati makina. Pamasewera palibe amene amamenya kawiri motsatizana ali pamalo amodzi ndi ndodo imodzi, pokhapokha zitalakwika. Motero pa kampira kalikonse ankasintha ndodo ndi kolunjika. Asanamenye ankaima kumbuyo kwa kampira, kusankha tsamba kapena kachitsotso kamene kali phazi limodzi kutsogolo molunjika kumene akufuna, ndipo kenaka n'kuima mogwirizana nako. Kulunjika chinthu chapafupi n'kosavuta kusiyana ndi mbendera ya kutali. Wonyamula thumbayo anawonjezapo nzeru imene buku la Hogan silikanaidziwa: m'chilimwe cha kuno nthaka imauma ngati thanthwe, ndipo kampira koponyedwa m'mwamba kamanjanja n'kupitirira. Pafupi ndi dzenje ndi bwino kutenga 7-iron, kukamenya motsika, kuti kagubuduke kokha.

Chovuta sichinali m'manja mokha. Anzake ena a m'nyumba yopumulira ankamuseka kuti munthu wa madigiri akuphunzitsidwa ndi wantchito, ndipo kwa masabata awiri iye analeka kufunsa. Chimene chinamubweza ndi mbiri ya Sewsunker Sewgolum, wodziwika kuti Papwa, Mmwenye wa ku Durban amene nayenso anayamba monyamula matumba a azungu. Papwa ankagwira ndodo mosemphanitsa manja, lamanzere pansi pa lamanja, kagwiridwe kamene aphunzitsi ambiri akanakaletsa. Komabe anapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndiponso Natal Open mu 1963 ndi 1965, chaka chimene anagonjetsa Gary Player. Pa umodzi mwa mipikisano ya ku Natal imeneyi analandirira chikho chake panja, mvula ili kugwa, popeza malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba. Mkulu wa ku Zomba uja anaona kuti m'chigawo chino cha Africa nzeru za gofu zakhala nthawi yaitali zikuima panja pa khomo, zitasenza thumba. Safunsa anadya phula.

Anabwerera, ndipo ulendo uno anabwera ndi chake chimene ankachidziwa: kabuku. Akamaliza kusewera ankalembamo kuti wakankha kangati, wataya timipira tingati, ndiponso taphonyera mbali iti. Kabukuko kankamuuza choyenera kuphunzira mawa, m'malo mwa chimene mtima unkalakalaka. Pofika nyengo ya mvula, kukankha kunatsika kuchoka pa 44 kufika pa 35. Sanakhale katswiri, ndipo bulugamu anapitiriza kulandira msonkho wake mwa apo ndi apo. Koma ankayenda makilomita angapo katatu pa sabata mtima uli m'malo, ndipo dokotala atamuyeza anagwedeza mutu mokhutira.

Mmawa wina wa Loweruka, nkhungu itaphimba phiri, kampira kake kanagwera mamita 30 kuchokera pa dzenje lomaliza. Anzake aja anali ataima chapafupi. Mkuluyo anatembenuka, nalankhula mokweza kuti onse amve: "Aphunzitsi, apa nditenge iti?"

Wonyamula thumbayo anaponda kapinga ndi chidendene, kuyesa chinyezi. "Lero kwanyowa, bwana. Kaponyeni m'mwamba, kakaima komweko."