Za Kachirombo Kamene Ndinapatsira Mkazi Wanga



Ine ndine msodzi wa m'dambo lalikulu la Shire, limene Livingstone analitcha Elephant Marsh m'chaka cha 1859 poona unyinji wa njovu. Njovuzo zinatha kale. Tatsalamo ife, ng'ona ndi mvuu.

M'chaka cha 2013 anandipeza ndi kachirombo ka HIV, nandipatsa ma ARV otchedwa 5A. Mkazi wanga anapezeka alibe. Ndipo mu Januwale 2015 chigumula chinazinga Makhanga, nichitenga nyumba yathu pamodzi ndi mankhwala. Koma ndisanamizire madzi okha ai. Madziwo ataphwa, ndinkagonera kudambo masabata atatu kapena anai, kumwa lero, kudumpha masiku atatu, pakuti ndinkachita manyazi kumeza mbulu pamaso pa asodzi anzanga.

Mu 2016 mkazi wanga anapezeka nako. Iye anamwa 5A mokhulupirika, usiku uliwonse titatha korona, osaphonya konse. Koma chitatha chaka, magazi ake anaonetsa kuti kachirombo kakuchulukabe. Namwino anayamba kumdzudzula. Iye analira, nati sananame.

Tsono dokotala wina anatikhazika pansi natifotokozera. Kachirombo aka kamaswana miyandamiyanda tsiku ndi tsiku, ndipo poswana kamalakwitsa, kotero kuti ana ake safanana onse. Ngakhale mtundu wofala kuno, umene amautcha C, uli ndi mbumba zosiyanasiyana m'thupi la munthu mmodzi. Mankhwala akachepa m'magazi, tofooka timafa, koma tolimba timapulumuka ndi kudzaza malo. Ine msodzi ndinamva msanga: ukonde wanga unali wobooka, ndipo milamba imene inatulukira pobookapo ndiyo inaswana. Anati ayenera kuti ndi tolimbato timene ndinapatsira mnzanga wa pa ukwati woyera. Mankhwala anali atalephera kale iye asanameze mbulu woyamba.

Tchimo limeneli ndinaliulula kwa Abambo mfumu. Kuliulula kwa mkazi wanga kunali kovuta koposa.

Mu 2019 dziko lathu linayamba kugawa 13A, mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene kachirombo sikawazolowera msanga. Lero tonse awiri magazi athu ali bwino. Mankhwala anga ndimawamangirira m'khosi m'kabotolo kosalowa madzi, ndipo ndimamwa anzanga akuona. Amai a kunyumba anandikhululukira, koma ndikangokocheza bwato, asanafunse za nsomba, amatsegula kabotoloko ndi kuwerenga mibulu.