Nkhondo ya 1471 ikufuna mlembi

Mwezi wa Julayi ukafika, tauni ya Tewkesbury ku England imadzaza ndi anthu ovala malaya achitsulo, ena atakoleka mauta, ena atagwira malupanga obuntha. Amasewera nkhondo yomwe inamenyedwa pomwepo mu 1471, pamene asilikali a Mfumu Edward IV anagonjetsa a banja la Lancaster ndipo kalonga wawo, mnyamata wa zaka 17, anaphedwa. Kulowa n'kwaulere, ndipo onse oyendetsa chikondwererochi ndi ongodzipereka.

Bambo wina wa ku Dedza, yemwe amasamalira okalamba usiku ku Gloucester, anakokeredwa ndi mnzake wa kuntchito m'kagulu kena ka masewerowa. Malupangawo sanamudabwitse kwenikweni. Chinamudabwitsa ndi mayi woyendera zovala: zipi ayi, wotchi ayi, nsapato zamphira ayi. Ulusi wa makina ukaoneka kunja kwa malaya, bwerera ukasoke ndi manja. Ndiye munthu n'kuvala ubweya wa nkhosa dzuwa lili phwee, thukuta lili kamukamu, akumwetulira.

Tsopano kaguluko kakufuna kudzikonza kuti kalembetsedwe ku Charity Commission ngati Charitable Incorporated Organisation, mtundu wa bungwe womwe unayamba mu 2013 ku England ndi Wales. Phindu lake n'looneka. Gulu limakhala ndi dzina lakelake pamaso pa lamulo, moti likagwa m'ngongole sakagwira katundu wa atsogoleri, komanso mabungwe ambiri opereka thandizo la ndalama amatsegulira chitseko gulu lolembetsedwa. Koma mtolo wake! Malamulo olembedwa, matrasti, lipoti ndi kaundula wa ndalama chaka ndi chaka ngakhale m'thumba muli zochepa. Apo n'kuti alipira kale inshuwaransi, alemba pepala lounika ngozi za chionetsero chilichonse, ndipo oomba mfuti zamakedzana atenga chilolezo cha onga kupolisi.

Chinamupweteka bambo uja n'chakuti anamuloza iyeyo kuti akhale mlembi, ati amadziwa mafomu. Akanapanda kuwadziwa bwanji? Visa yake yamudyera mapepala ndi ndalama zosaneneka, ndipo kuyambira mu Marichi 2024 olowa kumene pa ntchito yosamalira okalamba saloledwa kubweretsa banja. Mkazi ndi ana ali kumudzi, amalankhulana pa WhatsApp iye akutsika basi m'mawa, maso atalemera ndi tulo.

Akamva za matrastiwo amakumbuka mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Khwimbi lonse lija lochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndani anamufunsapo pepala la ngozi? Amfumu akanena kuti gule atuluke, atuluka, ndipo aliyense akudziwa poima. Kumeneko, akutero iye, si sewero ayi, pomwe kuno wophedwa kunkhondo amadzuka madzulo n'kukafola pamzere wa mowa. Apa mwina akukometsa pang'ono, chifukwa nayo Chewa Heritage Foundation ili ndi makomiti ake otolera ndalama za ulendowo, ndipo amene anakhalamo amadziwa mutu umene umawawa. Mukamuuza zimenezi amangogwedeza dzanja.

Pamsonkhano wapitawo mamembala anagawanika. Okonda kusoka ndi kuphika ati mapepala apha chisangalalo, pomwe msungichuma wanenetsa kuti sangapitirize kusunga ndalama za gulu mu akaunti yake. Voti aisunthira mwezi wamawa, ndipo bambo wa ku Dedza wapatsidwa chitsanzo cha malamulo cha Charity Commission kuti akachidzaze pa tsiku lake lopuma.