Sukulu ya M'chigafa

Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulayimale imene ili kumadzulo kwa tauni ya Kasungu, pafupi ndi msewu wolowa m'nkhalango ya nyama kunka ku Lifupa. Dziko lathu lino ndi lachidikha, ndipo mbewu imene imalamula moyo wa anthu ndiyo fodya. Ndifuna kukusimbirani, owerenga anzanga, za ntchito imene ndinagwira pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti m'chaka cha 2019.

Munthu wofuna kudziwa pamene ntchito ya fodya yafika asavutike ndi kupita kumunda. Angotsegula buku langa loitanira maina a ana. M'mwezi wa Seputembala, potsegulira sukulu, ana amadzaza m'kalasi. Mvula ikagwa, nthawi yowokera fodya, ena amayamba kujomba. Kuyambira Januwale kufikira Malichi, pamene anthu ali kuthyola ndi kusoka fodya, mipando yambiri imakhala yopanda eni. Ena amabwera ali ndi chizungulire ndi nseru, pakuti ululu wa fodya umalowa m'thupi kudzera pakhungu munthu akagwira masamba onyowa. Pofika nthawi ya mayeso, ana otere amakhala ataiwala ngakhale zimene ankazidziwa.

Nzeru yothandizira ana amenewa ndinaitola kwa mlendo. Anali mphunzitsi wamkazi wa ku America, wa mtundu wa Ayuda, amene anadzagwira ntchito m'boma lathu. Iye anandiuza kuti kwawo ana amakhala pa tchuthi chachitali kuyambira Juni kufikira Ogasiti, ndipo Ayuda ena amatumiza ana awo ku misasa ya pa famu. Msasa umodzi wotere ndi Eden Village, m'chigawo cha New York, umene unatsegulidwa m'chaka cha 2010. Aphunzitsi amalembedwa ntchito ya nyengo imeneyo yokha. Ana amaphunzira kubzala ndiwo zamasamba, kuweta mbuzi ndi nkhuku, ndi kuphika zimene alima. Lachisanu dzuwa likalowa onse amaika makasu pansi, napumula kufikira madzulo a Loweruka, pakuti ndilo Sabata lawo. Amaphunziranso lamulo la m'buku la Levitiko, mutu 19, lakuti wokolola asiyeko mbewu za m'mphepete mwa munda kuti aumphawi ndi alendo apezepo chakudya.

Usiku umenewo tulo tinandivuta. Ndinati mumtima mwanga, "Ana a anzathu amapita kumunda kukapeza nzeru, koma ana athu amapita kumunda kukataya nzeru. Kodi munda wathu sungasanduke mphunzitsi?"

Tsono ndinapita kwa mwini esiteti ina yoyandikana nafe, ndi kumupempha chigafa chimodzi. Fodya anali atapita kale ku okushoni ku Chinkhoma, ndipo zigafa zinali zopanda kanthu. Iye anavomera. Ndinanyamula bolodi ndi choko pa njinga, ndipo tsiku loyamba kunabwera ana 23. Ambiri anali ana a matenanti, ndiwo anthu olima fodya m'munda wa mwini esiteti, amene ankalandira chimanga ndi feteleza pa ngongole, nalipidwa chotsala fodya atagulitsidwa. Ochuluka anachokera kummwera, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Mangochi.

M'mawa tinkawerenga ndi kulemba. Dzuwa likapendeka tinkapita kudambo kumene tinalima kadimba ka mpiru, tomato ndi anyezi. Mwana aliyense anali ndi bedi lake, lolembedwa dzina lake pa kathabwa. Poyesa utali wa bedi anaphunzira mamita. Powerenga mbande anaphunzira kuchulukitsa. Ndipo pa sikelo yoyezera fodya, imene kapitawo anatibwereka, anaphunzira makilogalamu. Bedi la kumapeto tinalipatula kuti likhale la gogo wina wamasiye wa m'mudzi wapafupi, monga mwa lamulo lija. Ntchito ya kudimba sinkapitirira ora limodzi, ndipo Loweruka ndi Lamulungu ana ankapumula.

Panali mnyamata wina wa zaka 12 amene anali atabwereza Sitandade 3 kawiri. Sabata yachiwiri iye analeka kubwera. Nditapita kwawo ndinapeza bambo wake akukonza malo a nazale ya fodya, mwanayo ali pambali ndi khasu.

"Bambo, ndadzapempha mwana wathuyu," ndinatero.

"Aphunzitsi, musandione ngati munthu wouma mtima," anayankha iwo. "Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sukulu yanuyo idzamudyetsa liti? Ine ngongole yandifika m'khosi lero lino."

Ndinasowa chonena, pakuti mawu awo anali oona. Koma ndinawafunsa kuti ngongoleyo inali ya ndalama zingati. Anatulutsa kope m'thumba la pulasitiki, nati, "Zonse zili umu, koma ine maso ndilibe. Ndimangodinda chala." Pamenepo ndinapereka kopelo kwa mwana, ndi kumuuza kuti, "Iwe, tawerengera bambo ako."

Mnyamatayo anawerenga mwachibwibwi, chala chili pa mzere. Atafika pa mwezi wa Febuluwale anaima, nabwereza, ndipo anati, "Ababa, apa alemba zitini ziwiri za chimanga tsiku limodzi. Ife tinalandira chimodzi." Tinapita tonse atatu kwa kalaliki. Iye atayang'ana m'buku lake lalikulu anapeza kuti analakwitsadi polemba, nafafaniza chitini chinacho. Chitini chimodzi cha chimanga si chuma chambiri, koma m'mwezi wa njala ndicho moyo wa banja masiku angapo.

M'mawa mwake mwana uja anabwera kuchigafa, ndipo pambuyo pake panali bambo wake. Anakhala kumbuyo kwenikweni pa mtengo woyanikira fodya, chipewa chili m'manja. Ana anayamba kuseka, koma ndinawaletsa. Dzanja lozolowera khasu linathyola choko katatu. Koma pofika tsiku lotsekera, pamene mwini esiteti anatipatsa lole kuti ana akaone mvuu pa damu la Lifupa, bamboyo analemba yekha dzina lake pa pepala la apaulendo. Zilembo zinali zokhota, koma zinali zake.

Sindinganame kuti sukulu ya masabata anayi inathetsa mavuto. Mvula itagwa, mipando ina inakhalanso yopanda eni. Malamulo alipo: sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo m'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa ulimi wa matenanti. Koma lamulo lolembedwa limathandiza kwambiri munthu amene angathe kuliwerenga. Mnyamata uja sanajombenso chaka chimenecho, ndipo amene ankamudzutsa m'mawa anali bambo wake.

Inu amene muli kuwerenga kabuku kano mwayamba kuphunzira muli akulu, ndipo mudziwa manyazi a kudinda chala pa pepala limene simulimva. Chotero ndikupemphani chinthu chimodzi. Phunzitsani ana anu khasu, pakuti ndilo limatidyetsa. Apatseni bedi lawo m'dimba, alime ndi kuwerenga zokolola zawo. Koma nthawi yothyola fodya ikafika, belu la sukulu likalira, alekeni apite. Kuwongola mtengo mpoyamba.